Fyuluta ya eyakoni: tiikunthe fumbi kapena tigule ina?

## "Mungondithirirako gasi"

Okutobala akangolowa, magalaja a pa boma pano pa Mangochi amayamba kulandira dandaulo limodzimodzi: eyakoni yafooka. Munthu amatsika m'galimoto thukuta lili kamukamu, malaya atamatirira kumsana, ndipo asanamalize n'komwe moni watchula kale mankhwala ake. "Mungondithirirako gasi."

Nayi Sienta yonyamula anthu, yomwe tsiku ndi tsiku imawoloka mlatho wa Bakili Muluzi, n'kusiya tara, n'kukalowa m'fumbi la njira ya ku Makanjira. Makaniko wodziwa ntchito yake sathamangira botolo la gasi. Amayatsa injini, n'kuika dzanja pa kabowo kotulukira mphepo.

"Achimwene, fani mwaiika pati?"

"Pa 4, pothera penipeni."

"Mphepoyi mukuimva yofunda?"

"Ayi, kuzizira ikuzizira ndithu, koma ikungonong'ona. Okhala kumbuyo sakuimva n'komwe. Phokoso lokha ndiye lanyanya."

Yankho limenelo lamaliza kale theka la ntchito. Mphepo ikamatuluka yamphamvu koma yofunda, kayang'aneni gasi, kompuresa ya eyakoni kapena condenser ya kutsogolo kwa radiyeta. Koma ikamatuluka yozizira, yochepa, fani ikubangula, ndiye kuti njira ya mpweya yatsekeka. Gasi alibe mlandu.

Makaniko amatsegula kabokosi ka pa dashibodi, mbali ya kumanzere, komwe timasungako blue book ndi mapepala a inshulansi. Amakapanikiza m'mbali, kabokosi n'kugwera pansi. Kuseri kwake kuli kachivundikiro kakuda, kotalika ngati chikhatho ndi theka. Akakachotsa, amasolola pang'onopang'ono fyuluta ya eyakoni, chinthu chomwe chinalowamo chili choyera mbee. Lero ndi chofiirira, cholemera m'manja, makwinya ake atadzaza mpaka kulekezera pamwamba. Muli tizidutswa ta masamba a mango, udzu wopserera wa lupsa, mapiko a ngumbi za mvula ya chaka chatha, mamba a usipa, ndipo pangodya pali makoko a mtedza omwe sanabwere ndi mphepo. Akangochipendeketsa pang'ono, fumbi limakhuthukira pa kapeti.

Kenako amayatsa fani popanda chinthucho. Malisiti omwe anali pa dashibodi amauluka.

Dalaivala amaseka, n'kunena chimene aliyense amanena akaona zimenezi: "Basitu, bwana, ingoisiyani kunja." Mnyamata wothandizira pagalaja naye amaponyapo yake: "Kapena tiipope ndi kompuresa, ibwerera mwakale." Makaniko ali ndi yatsopano m'katoni, koma mtengo wake dalaivala sanaukonzekere. Chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kachipangizo kalikonse kochokera kunja munthu amayamba waganiza kawiri asanakagule, ndipo n'zomveka. Tsono njira zilipo zitatu: kuichotseratu, kuiyeretsa, kapena kugula ina. Sizifanana kutalitali.

## Si eyakilina ija ya mu boneti

Galimoto ili ndi zosefa mpweya ziwiri. Ya mu boneti imasefa mpweya wolowa mu injini. Iyi tikukambayi ilibe gawo ndi injini: sikhudza mphamvu ya galimoto, sikhudza kamwedwe ka petulo. Imasefa mpweya umene mumapuma inuyo, ana anu ndi anthu omwe mwanyamula. N'chifukwa chake imaiwalika pa sevisi. Injini siidandaula.

Mpweya wakunja umalowera pa timabowo ta m'munsi mwa galasi lakutsogolo, pomwe pamagona mawaipa. Umadutsa pa fyuluta, kenako pa fani, kenako pa evaporator, kachipangizo ka aluminiyamu kokhala ndi timasamba tambirimbiri tothinana, komwe gasi amaziziritsira mpweyawo usanatulukire pa dashibodi. Pa magalimoto ambiri a ku Japan, ngakhale mudine batani lozunguza mpweya wa m'kati momwemo, mpweyawo umadutsabe pa fyuluta. Choncho fumbi la m'makapeti, la m'matumba a chimanga ndi la m'madengu a nsomba zouma limatheranso pomwepo.

Pa Sienta, Vitz, Passo, Axio, Fielder ndi Honda Fit mudzaipeza kuseri kwa kabokosi kaja. Pa Nissan ndi Mazda zina ili m'munsi, cha kumapazi, pambali pa chigawo chapakati cha dashibodi, ndipo zina zimakhala zidutswa ziwiri zolowa motsatana. Magalimoto ena a ku Ulaya anaiika mu boneti, pafupi ndi mawaipa. Ndiye pali magalimoto akale omwe mukatsegula mumapeza malo ali pululu, kapena muli kaukonde ka pulasitiki ka maso akuluakulu. Kaukonde kameneka katsukeni ndi sopo momwe mungafunire, sikaonongeka. Ntchito yake n'kutchinga masamba basi, fumbi kamalilola.

## Zimene madzi ndi kompuresa zimachita

Apa ndi pomwe anthu ambiri amanamizidwa ndi maso. Fyuluta yochapidwa imaoneka yoyera, ndiye munthu amati yachira.

Chinthu chimenechi chimaoneka ngati pepala koma kawirikawiri si pepala. Ndi timaulusi ta pulasitiki, ta polypropylene kapena polyester, topyapyala kwambiri, tongopanikizidwa pamodzi popanda kulukidwa. Masamba, mchenga ndi fumbi lokulirapo zimakodwa chifukwa mipata ndi yaing'ono. Koma fumbi losalala kwambiri ndi utsi n'zazing'ono kuposa mipatayo. Tsitsi la munthu limanenepa ma micron apakati pa 50 ndi 70. Tinthu ta mu utsi wa dizilo ndi wa moto wa m'tchire, tomwe a zaumoyo amatitcha PM2.5, ndi ta ma micron 2.5 kutsika m'munsi, ndipo ndi tomwe timafika m'kati mwenimweni mwa mapapo. Pofuna kugwira timeneti, opanga fyuluta zabwino amaika mphamvu ya magetsi m'timaulusi tija. Paja kusukulu tinkatikita cholembera cha Bic m'tsitsi kenako n'kumatolera nacho tizidutswa ta pepala; mphamvu yake ndi yomweyo, kungoti iyi anaitsekera mu ulusi kuti ikhalitse.

Madzi a sopo, sipiriti ndi petulo zimafooketsa mphamvu imeneyi, ndipo siibwerera fyuluta ikauma. Kuonjezera apo, fumbi lathu lino likanyowa limasanduka thope, n'kulowerera m'kati mwa ulusi, n'kuuma momwemo ngati chikhakha. Kunja kwayera, m'kati mwatsekeka kuposa kale. Makwinya nawo amafota n'kugonerana, malo osefera n'kuchepa. Ndipo ikabwezeredwa isanaumitsitse, kutentha kwa m'dashibodi ya galimoto yoimikidwa padzuwa la Mangochi kumameretsa nkhungu m'masiku ochepa.

Kompuresa yopopera matayala imaononga mwa njira ina. Thanki yake imasunga mpweya wa ma bar 6 mpaka 8, pomwe tayala la galimoto yaing'ono limangofuna 2 ndi pang'ono. Mpweya woterowo ukalunjikitsidwa pafupi, umakankha timaulusi n'kutsegula timabowo tomwe maso saona. Mukaibwezera mphepo imatulukadi yamphamvu, inu n'kusangalala, koma yawonjezeka chifukwa fyuluta yabooka. Pakapita sabata mudzaona kafumbi kosalala katayala pa dashibodi mawindo ali chitsekere. Mnyamata akaipopa kuchokera mbali yakuda ndiye zimanyanyira, chifukwa fumbi amalikhomerera m'kati. Makompuresa ambiri a m'mbali mwa msewu amalavulanso timadontho ta madzi ndi oilo.

Fyuluta yotuwa, ya makala, ili ndi vuto lakelake. Pakati pa nsalu zake ziwiri pali timibulu ta makala okonzedwa mwapadera, nthawi zambiri ochokera ku zikamba za kokonati, tokhala ndi timaenje tosawerengeka tomwe timamwa fungo ndi mipweya ina ya mu ekizozi. Timaenjeto tikadzaza, tadzaza. Kuchapa sikutikhuthula, kuyanika padzuwa sikutikhuthula. Imatsala kukhala fyuluta wamba yolemera.

Zilipo fyuluta zopangidwira kuchapa, monga za K&N, zomwe zimabwera ndi mankhwala ake otsukira ndi opopera ikauma. Zimenezo zimalembedwa poyera pa katoni. Ngati yanu sinalembedwe choncho, si yochapa.

## Kuyeretsa komwe kuli ndi phindu

Sindikunena kuti fyuluta isakhudzidwe mpaka tsiku loitaya. Kuno kwathu kuikuntha n'kofunika, bola mudziwe chimene mukupindula: mukubweza mphepo, simukubweza kusefa. Mukugula miyezi, osati chaka.

Itulutseni, mupite nayo potalikirana ndi galimoto, muime mphepo ikuchokera kumsana kwanu. Mbali yakuda iyang'ane pansi. Imenyetseni mopepuka pa chikhatho kapena pa tayala, mbali zonse zinayi, mpaka fumbi lisiye kugwa. Tsegulani makwinya limodzilimodzi ndi zala, muchotse masamba ndi mapiko a tizilombo ndi burashi yofewa ya penti. Burashi ya waya kapena yochapira nsapato imakanda ulusi. Ngati pamalo otsukira galimoto pali makina okoka fumbi, agwiritseni ntchito ku mbali yakudayo, kukamwa kwa paipi kusakhudze nsalu. Imeneyi ndiyo njira yabwino koposa zonse, chifukwa fumbi limatulukira komwe linalowera.

Ngati palibiretu china koma kompuresa, tsitsani mpweya usafike ma bar 2, muime patali masentimita 30, ndipo muuzire kuchokera mbali yoyera, motsatira makwinya.

Mukatha, ikwezeni kudzuwa muyang'ane. Kuwala kukamadutsa mofanana paliponse, ibwezereni, itumikirabe. Kukamakanika kudutsa ngakhale mwaikuntha, fumbi lakhazikika m'kati ndipo yatha ntchito. Mukaona timadontho towala kwambiri kuposa pena ponse, ndi mabowo amenewo. Fyuluta imodzi ikunthidwe kawiri, mwina katatu. Kupitirira apo mukungodzivutitsa.

## Pomwe palibe zokambirana

Fyuluta yomwe inanyowapo, kaya ndi mvula yolowera pa mawaipa, kaya ndi paipi ya otsuka galimoto, kaya galimoto inadutsa m'madzi osefukira, itayeni. Yokhala ndi mawanga akuda kapena obiriwira, yonunkha chinyontho, yong'ambika, yopindika m'mbali mpaka kusiya mpata, itayeni. Ya makala yomwe yatha chaka, itayeni ngakhale ikuoneka bwino. Mwagula kumene galimoto, kaya yangotsika kuchokera ku Dar es Salaam kaya mwaigula kwa mnzanu, yambani ndi yatsopano. Simudziwa kuti yakaleyo yakhalamo zaka zingati, ndipo mwini wake woyamba mwina ankasutiramo fodya. Ndipo ngati m'galimotomo mumakwera mwana wa mphumu kapena munthu woyetsemula ndi fumbi, nkhani yokuntha isayambike n'komwe.

Makoko a mtedza aja ndi nkhani ina. Amenewo ndi khoswe. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe, chigayo, kapena mosungira nsomba zouma imakopa makoswe, ndipo pamwamba pa fyuluta ndi malo omwe amawakonda: ndi pofunda, pamdima, ndipo nsaluyo amaitafuna n'kupangira chisa. Mukapeza ndowe zake, ubweya, kapena fungo la mkodzo, musakunthe ndipo musapope, chifukwa mukatero mukuulutsira zonyansazo m'mphuno mwanu momwe. Valani magolovesi kapena majumbo m'manja. Sakanizani Jik gawo limodzi ndi madzi magawo 9, munyowetse chisacho ndi fyulutayo, mudikire mphindi 5, kenako muziike m'jumbo, mumange, mukataye. M'malo mwake mupukute ndi kansalu konyowetsedwa ndi madzi omwewo, pa pulasitiki pokha. Jik asakhudze evaporator, amadya aluminiyamu.

## "Ingoisiyani kunja"

Mwa njira zitatu zija, yoipitsitsa ndi imene imaoneka yaulere.

Eyakoni ikamagwira ntchito evaporator imakhala yonyowa nthawi zonse, chifukwa chinyezi cha mumpweya chimasanduka madzi chikakhudza chitsulo chozizira. Kuno kunyanja chinyezicho n'chambiri. Madzi aja mumawaona akudontha pansi pa galimoto mukaimika amachokera pamenepo. Tsono chotsani fyuluta, fumbi la ku Makanjira lizifika molunjika pa chitsulo chonyowacho. Limasanduka thope pakati pa timasamba tija, thope n'kugwira ubweya ndi udzu, nkhungu n'kumera. Mphepo imafookanso ngati poyamba, koma ulendo uno chotseka sichili kuseri kwa kabokosi komwe dzanja limafika. Thope lokhalitsa limadyanso aluminiyamu mpaka gasi kuyamba kuthawira pomwepo. Pa magalimoto ambiri, kusintha evaporator kumafuna kumasula dashibodi yonse, kutulutsa gasi ndi kuthira wina. Ndi ntchito ya tsiku lathunthu kapena kuposa, ndipo ndalama yake ingagule mulu wa mafyuluta.

Zinyalala zomwezo zimatsekanso kapaipi kotayira madzi. Madzi akasowa kotulukira amasefukira m'kati, kapeti ya kumanzere kutsogolo n'kumangokhala yonyowa, mwini galimoto n'kumaganiza kuti chitseko chikulowetsa mvula.

Kusiya fyuluta yotsekeka momwemo nako kuli ndi mtengo wake. Pa magalimoto okhala ndi kapukusi ka 1, 2, 3, 4, liwiro la fani limachepetsedwa ndi resistor yomwe imatentha kwambiri ikamagwira ntchito, ndipo anaiika dala m'njira ya mpweya kuti mphepo yodutsayo iziiziziritsa. Mpweya ukachepa imapsa. Chizindikiro chake n'chosasokonekera: fani imakana pa 1, 2 ndi 3, n'kumangogwira pa 4 pokha, chifukwa pa 4 magetsi sadzera mu resistor. Makaniko akasintha resistor osayang'ana fyuluta, yatsopanoyo idzapsanso.

Evaporator yosowa mpweya imathanso kuchita ayezi. Mwanyamuka pa boma kupita ku Blantyre eyakoni ili bwinobwino, mukamayandikira Ulongwe mphepo yazilala, mwaima pa Liwonde kwa mphindi zingapo, ponyamuka yabwerera, pansi pa galimoto patatsala chithaphwi. Zoterezi zimathanso kuchokera ku sensa kapena ku gasi wochepa, koma poyambira kufufuza ndi pa fyuluta, poti sipafuna ndalama. Ndipo nthawi ya dzinja, mvula ikakupezani mukukwera mapiri a ku Namwera galasi n'kuchita nthunzi m'kati, chimene chimalipukuta ndi mphepo yamphamvu youma. Pamenepo fyuluta yotsekeka yasiya kukhala nkhani ya thukuta. Dalaivala sakuona njira.

## Kuisintha nokha

Pa Toyota zambiri ntchitoyi sifuna sipanala ndipo sipitirira mphindi 10. Musanazimitse injini dinani batani lozunguza mpweya wa m'kati, chifukwa pa magalimoto ena kachitseko ka mpweya wakunja kamatchinga polowera fyuluta. Zimitsani, muchotse kiyi. Khuthulani kabokosi. Ngati pambali pake pali kamkono kopyapyala kothandiza kuti kazitseguka pang'onopang'ono, kamasuleni kaye. Kamathyoka msanga mukakakamiza. Panikizani makoma awiri a kabokosiko m'kati kuti timano take tidutse, n'kukatsitsa. Kachivundikiro ka fyuluta kali ndi tokolera kumapeto. Pulasitiki yomwe yakhala zaka zambiri m'kutentha kwa kuno imakhala yophweka kusweka, ndiye dinani ndi chala, osati sikuludiraiva.

Musanasolole yakaleyo, onani komwe muvi wake waloza. Isololeni ili chigonere, osaipendeketsa, chifukwa fani ili m'munsi mwake ndipo chilichonse chogwa chimagwera momwemo. Unikani ndi tochi ya foni. Tsamba limodzi lokha likakodwa m'mapiko a fani limachititsa kaphokoso ka tcheketcheke, ndipo zinyalala zikaunjikana mbali imodzi fani imanjenjemera mpaka kudya mabering'i a mota yake. Tolani ndi zala kapena makina okoka fumbi, kiyi ali m'thumba mwanu.

Muvi uja umasokoneza anthu ambiri, ngakhale amakaniko. Fyuluta za Toyota zenizeni zimalembedwa UP, ndipo muviwo uyenera kuloza kumwamba. Zamakampani ena zimalembedwa AIR FLOW, kusonyeza komwe mpweya ukulowera, ndipo pa magalimoto okhala ndi fani m'munsi mpweya umatsika, choncho muvi umenewo uloze pansi. Munthu akangotengera muvi wa yakale osawerenga mawu, amaika yatsopano chadodolido. Igwirabe ntchito, koma yokhala ndi nsalu zingapo anaikonza kuti mbali ya maso akulu ikumane ndi fumbi poyamba. Ikatembenuzidwa imatsekeka msanga.

Ilowe yosapindika, m'mbali mwake mogwirana ndi makoma. Musanatseke, lembani m'mphepete mwake ndi cholembera tsiku ndi makilomita omwe ali pa dashibodi. Kenako yesani fani pa liwiro lililonse, mumvetsere.

## Pogula

Mukamapita kusitolo tengani yakaleyo m'jumbo. Mukamaitanitsa ku Limbe kapena ku Lilongwe kudzera kwa wa minibasi, tumizani chithunzi chake pa WhatsApp pamodzi ndi miyeso itatu m'mamilimita: m'litali, m'lifupi ndi kuchindikala. Dzina la galimoto palokha silikwanira. Sienta ya NCP81 si imodzi ndi ya NSP170, ndipo Honda Fit ili ndi mibadwo ingapo, monga GD, GE ndi GK. Zilembo zimenezi zili koyambirira kwa nambala ya chasesi. Nambala ya fyuluta imeneyi pa Toyota zambiri imayamba ndi 87139. Mukapatsidwa yoyamba ndi 17801, imeneyo ndi ya injini. Pa Nissan zambiri imayamba ndi 27277, pa Honda 80291 kapena 80292.

Katoni yokongola isakunyengeni, tulutsani muone. Yerekezani kuchuluka kwa makwinya ndi yakale ija: yachinyengo imakhala ndi makwinya ochepa, otalikirana, ndipo nsalu yake ndi yopyapyala moti zala zimaonekera. Ya makala yeniyeni imalemerako ndipo mukaiunika mumaona timibulu takuda m'kati. Ina imangokhala nsalu yopakidwa utoto wotuwa. Kudula yaikulu ndi sizasi kuti ikwane, kapena kulowetsamo siponji ya matiresi, n'kutaya nthawi. Mpweya umathamangira pomwe pali mpata, ndipo kampata kolowa chala kamodzi m'mbali n'kokwanira kudutsitsa fumbi lambiri osasefedwa.

Pa funso la yoyera kapena ya makala, ine ndimaona chonchi. Amene amayenda kwambiri pa tara, kumbuyo kwa malole ndi maminibasi ofuka utsi pa M3, ya makala imamuthandiza ndithu. Koma amene mdani wake ndi fumbi la ku Katuli, Makanjira kapena Nankumba, ndalama ya fyuluta imodzi ya makala agulire zoyera ziwiri azisintha pafupipafupi. Ya makala imatsekeka ndi fumbi mofanana ndi inzake, ndipo imachepetsako mphepo kuyambira pa tsiku loyamba. Fungo la madzi a chambo omwe anatayikira mu buti silingathe ndi fyuluta ya mtundu uliwonse. Pamenepo chotsani kapeti mukachape.

## Kalendala ya kuno

Mabuku a magalimoto ambiri amati isinthidwe pa makilomita apakati pa 15,000 ndi 30,000, kapena kamodzi pachaka, ndipo amawonjezera kuti m'malo a fumbi nthawiyo ifupikitsidwe. Mangochi ndi malo a fumbi kuyambira Meyi mpaka mvula itagwa. Mwera wa Juni ndi Julayi umaliulutsa, Ogasiti ndi Seputembala n'kuwonjezerapo phulusa la moto wa m'tchire.

Kwa galimoto yoyenda pa tara, pakati pa boma, Monkey Bay ndi Liwonde, yatsopano ilowe kumapeto kwa Seputembala. Mukatero mumalowa m'kutentha kwa Okutobala ndi Novembala mphepo ili yonse, ndipo chinyezi cha dzinja chimapeza fyuluta yomwe sinadzaze fumbi loti lisanduke thope. Ikuntheni mvula ikakhazikika mu Disembala, muikunthenso mu Julayi. Kwa galimoto ya m'misewu ya fumbi, makamaka yonyamula anthu, kamodzi pachaka sikakwana: sinthani mu Epulo kapena Meyi, musinthenso mu Okutobala, ndipo muziyang'ana mwezi ndi mwezi. Tsiku lomwe mukusintha oilo ndi tsiku labwino lotsegula kabokosi kaja.

Kayendetsedwe nako kamatalikitsa moyo wake. Mukaona lole ikubwera ndi mtambo wa fumbi, dinani batani la mpweya wa m'kati isanakufikeni. Koma musaiwalire pomwepo ulendo wonse. Anthu asanu ndi awiri akamapumira mpweya umodzimodzi mawindo ali otseka, mpweya woipa umachuluka ndipo dalaivala amayamba kusinza. Fumbi likadutsa, bwezerani wakunja.

## Fungo likapanda kuchoka

Nthawi zina mwaika yatsopano koma mukangoyatsa eyakoni kafungo ka chinyontho kakubwerabe kwa mphindi yoyamba. Fyuluta ilibe mlandu. Nkhungu ili pa evaporator. Yambani ndi kapaipi kotayira madzi. Imikani galimoto pouma, eyakoni igwire ntchito mphindi 10 mpaka 15, muyang'ane pansi cha kutsogolo. Tsiku lachinyezi payenera kudontha madzi oyera. Pakapanda kudontha, pezani kapaipi ka rabara kotulukira pansi pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, mukatsegule pokafinya ndi zala kapena ndi kachingwe kofewa ka pulasitiki. Waya wolimba ayi, angakabowole evaporator.

Kenako pamafunika thovu lotsukira evaporator, lomwe limagulitsidwa m'chitini chokhala ndi kapaipi kake. Chotsani kaye fyuluta kuti isanyowe, ndipo tsatirani zolembedwa pa chitinicho za polowetsera, kusamala kuti thovu lisadzaze mu mota ya fani. Limasungunuka n'kutulukira pa kapaipi kaja litasanduka madzi akuda. Perefyumu wopopera m'timabowo ta dashibodi amangophimba fungo kwa masiku awiri, ndipo wothira pa fyuluta yeniyeniyo amainyowetsa n'kumata fumbi.

Kuti nkhungu isabwerere, zimitsani batani la A/C mphindi 3 mpaka 5 musanafike komwe mukupita, fani ipitirize kuzungulira mwamphamvu kuti iumitse chitsulocho. Sabata iliyonse tsegulani boneti mutole masamba omwe aunjikana m'munsi mwa galasi, makamaka ngati mumaimika pansi pa mtengo wa mango. Akaola pamenepo amatseka ngalande za madzi a mvula, madziwo n'kupeza njira yotsikira pa fyuluta. Ndipo ngati galimoto imagona pamalo a makoswe, izimitseni batani lili pa mpweya wa m'kati, chifukwa pa magalimoto ambiri kachitseko ka kunja kamatsala kotseka usiku wonse.